Aphunzitsi Kuphunzitsana pa Foni: Tiyambire kwa Amene Ali Kutali

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Ndikulankhula ndi inu aphunzitsi a m'boma la Mwanza, kuyambira pa boma penipeni, kwa Kunenekude, ku Tulonkhondo, ku Thambani mpaka uko kumalire a Zobue. Ahedi, a PEA, ndi inu amene mwangotuluka kumene ku koleji choko chisanakulowereni m'zikhadabo, takulandirani. Lero tikamba za chinthu chimene ambiri muli nacho kale m'thumba, gulu la aphunzitsi la pa WhatsApp.

Tatsegulani lanulo muone zimene zilimo. Uthenga wa maliro, funso loti kodi malipiro alowa, vesi la m'mawa, chithunzi chosaoneka bwino cha kalata yochokera ku ofesi ya zamaphunziro, ndi wina amene akugulitsa zitenje. Zonsezi sindikuzinyoza ayi, ndi moyo wathu. Koma ndikufunseni: ndi liti pamene munatolamo kanthu kamene munakaphunzitsira m'kalasi mawa lake?

Gulu lochezerana limayamba lokha. Gulu lophunzirira limachita kumangidwa, ndipo womanga ayenera kukhala ndi munthu mmodzi m'maganizo. Munthuyo si mphunzitsi wa pa boma amene ali ndi magetsi a ESCOM m'nyumba. Ndi uja wa kuseri kwa phiri, amene amatchajitsa foni pa sola ya kugolosale, amakwera pachulu kuti apeze netiweki, ndipo bandulo yake imatha mwezi usanafike pakati. Gulu likamukwanira ameneyo, lakwanira aliyense. Likamangidwa moyang'ana wa pa boma, enawo amangotsala mayina pa mndandanda.

(NYIMBO PANG'ONO)

Kuphunzira uli kutali si kwachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene lero timaitcha MCDE. Maphunziro ankayenda pa positi ndi pa wailesi, ndipo ma CDSS ambiri amene tikuwaonawa anayamba ngati malo ophunzirirako a koleji imeneyo, aja tinkati ma DEC. Ambiri mukukumbukiranso Tikwere, imene inayamba kumveka pa MBC mu 2008, mphunzitsi wa pa wailesi akutsogolera, wa m'kalasi akutsatira pamodzi ndi ana.

Koma nkhani imene ikutikhudza kwambiri lero ndi ya MIITEP. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi osaphunzira ntchito, ndipo pofuna kuphunzitsa pafupifupi 18,000 mwa iwo linayambitsa MIITEP mu 1997. Munthu ankakhala miyezi 3 ku koleji, kenako miyezi 20 ali pa sukulu yake, akuphunzitsa uku akuwerenga mabuku amene anapatsidwa, n'kudzabwereranso ku koleji kukalemba mayeso. Akatswiri a ku Chancellor College ndi a ku University of Sussex atafufuza, anapeza kuti mabukuwo anali othandiza ndithu ndipo ankagwiritsidwa ntchito. Pamene panafooka ndi pa anthu: alangizi a ku koleji sankafika kawirikawiri kusukulu za kutali, ndipo ahedi ambiri analibe nthawi yokhala pansi ndi wophunzirayo. Amene munadutsa m'menemo, ena mwa inu tsopano ndinu ahedi, mungandichitire umboni. Buku linalipo, wofunsa ndiye kunalibe.

Pa intaneti vuto lake ndi lomwelo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 pa maphunziro aulere a pa intaneti a MIT ndi Harvard anaonetsa kuti m'chaka cha 2017 mpaka 2018, mwa anthu 100 alionse olembetsa, omaliza sankakwana 4. Amenewo ndi mayunivesite otchuka pa dziko lonse. Tsono ku India, a Open University ya ku Britain anakonza maphunziro a mtundu womwewo a alangizi a aphunzitsi mu 2015, koma anawonjezerapo otsogolera a m'deralo amene ankakumana ndi ophunzira maso ndi maso. Theka la olembetsa linamaliza. Intaneti yake inali yomweyo. Chimene chinasiyanitsa ndi munthu wokufunsa kuti, "Kodi mwafika pati?"

Ife munthu ameneyo tili naye kale, ndipo nyumba yake tinamanga kalekale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dziko lino linagawidwa m'mazoni 315, zoni iliyonse ndi TDC yake, malo okumanirapo aphunzitsi, ndi a PEA ake, alangizi a zamaphunziro. Choncho musavutike kufunafuna gulu la aphunzitsi a dziko lonse. WhatsApp imalola anthu 1,024 m'gulu limodzi, koma anthu 1,024 saphunzitsana, amangokuwa. Yambani ndi zoni, ndipo m'zonimo mugawanenso: a Sitandade 1 ndi 2 paokha, a masamu a m'makalasi akuluakulu paokha, a sayansi a m'ma CDSS paokha. Anthu 15 kapena 20 amene akulimbana ndi mutu umodzi m'sabata imodzi, amene akhoza kukumana pa TDC mwezi ukatha, amenewo ndiye gulu.

Ndiyerekeze ndi banki m'khonde, poti ambiri muli m'menemo. Simungosonkhana pamene mwafunira. Pali tsiku lake, pali wapampando, pali mlembi, ndipo aliyense amaponya kangachepe. Wongobwera kudzakongola osaponyako sachedwa kudziwika. Gulu la pa foni likufunanso zomwezo. Adimini asakhale amene anangoyambitsa gulu n'kugona. Akhale munthu amene Lolemba amaponya funso limodzi lochokera mu sikimu ya sabata imeneyo, Lachitatu amakodola amene sanayankhe powatchula dzina mwaulemu, ndipo Lachisanu amamanga mfundo zonse mu uthenga umodzi. Ntchitoyi ndi yotopetsa, choncho izizungulira, teremu ino awa, teremu yamawa ena.

Funso lakenso likhale funso lenileni. "Tikambirane za kaphunzitsidwe kabwino" si funso, palibe angayankhe. Koma tiyerekeze kuti mayi wina wa Sitandade 4 walemba kuti: "Ana anga akumati gawo limodzi mwa magawo 8 ndi lalikulu kuposa gawo limodzi mwa magawo 4, poti 8 ndi wamkulu. Ndiwathandize bwanji?" Apo ndiye anthu amadzuka. Poti kuno ndi ku Mwanza, wina ayankha msanga kuti, tengani nachesi, musende, ana aone tizigawo take. Wajambula ndi chithunzi, nachesi ali pa desiki. Patapita kanthawi wachiwiri akuti, pepani akulu, ndayesa, koma nachesi wanga anali ndi tizigawo 10, wa mwana wina 9, ndipo tina n'tonenepa tina n'toonda. Ana asokonezeka, chifukwa mafulakishoni amafuna magawo ofanana. Wachitatu akuti, ndiye yambani ndi pepala la m'kope lakale: apinde pakati, apindenso, atambasule awerenge magawo 4, apindenso kachitatu awerenge 8, kenako ang'ambe gawo limodzi uku ndi limodzi uku, asanjike aone lalikulu. Nachesi abwere pamapeto, muwafunse anawo chifukwa chake sitinganene kuti kachigawo aka ndi kofanana ndi ako.

Mwaona zimene zachitika? Palibe katswiri wochokera ku Lilongwe. Ndi TALULAR yomwe ija tinaphunzira ku koleji, kugwiritsa ntchito zopezeka pakhomo, koma nzeru ya woyamba yakonzedwa ndi wachiwiri, wachitatu n'kuimaliza. Ndipo taonani mtengo wake: mauthenga olemba ochepa ndi chithunzi chimodzi.

Pa mtengopo tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene magulu ambiri amatayira anzathu a kutali. Uthenga wolemba sudya kanthu. Uthenga wamawu wa mphindi imodzi sufika ndi theka la megabaiti. Vidiyo ya mphindi imodzi imadya kuwirikiza kambirimbiri. Wa pa boma akaponya vidiyo ya mphindi 10 akuganiza kuti wathandiza, pamene wa ku Thambani akungoona kachizindikiro kakuzungulira mpaka bandulo kutha. Choncho gwirizanani kuti mfundo iliyonse yofunika izilembedwa m'mawu, ngakhale itabweranso ndi vidiyo. Aliyense alowe m'masetingi a WhatsApp azimitse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha, kuti azisankha yekha chotsegula. Misonkhano ya pompopompo ya pa Zoom muisiye, pokhapokha ngati wina walipirira aliyense bandulo. Funso likhale masiku angapo lisanatsekedwe, chifukwa mnzanu wina amaona mauthenga kamodzi pa masiku awiri, akatsikira kumsika. Ndipo anzathu a m'malire amadziwa kuti malo ena foni imagwira bwino netiweki ya ku Mozambique kuposa yathu, moti bandulo ya WhatsApp imene munagula sithandiza kanthu kumeneko.

Nanga amene ali ndi foni ya mabatani? Pa sukulu iliyonse pakhale mmodzi wonyamula mtokoma. Lachisanu adimini akamanga mfundo, iyeyo azilembe pa pepala, azimate mu ofesi, kapena aziwerenge pa msonkhano wa aphunzitsi. Mayankho a anzakewo awatumize m'gulu, ndi mayina awo, osati lake. Zinthu zolemera, mavidiyo ndi mabuku, muzipatsana pa TDC kudzera pa Bluetooth, pa Xender kapena pa memori kadi, zimene sizifuna mayunitsi. Anzathu a ku Zambia, m'chigawo chapakati, anachita zofanana ndi zimenezi mu pulojekiti ya ZEST imene inayamba mu 2017: anaika maphunziro m'kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, aphunzitsi n'kumatsegula pa foni zawo popanda intaneti, koma mtima wa ntchito yonse unali misonkhano ya aphunzitsi pa sukulu pawo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchinena poyera. Mphunzitsi wachinyamata sangalembe kuti "mutu uwu sindiumvetsa" pamene a PEA ndi ahedi ake ali m'gulu lomwelo. Amaopa kuti zidzamutsata pa tsiku loyendera kalasi. Ndiye amangoponya kachithunzi ka manja opemphera n'kukhala chete. A PEA, ndikupempheni mwaulemu wonse: zolengeza zanu zikhale ndi gulu lakelake, lija loti olemba ndi adimini okha. M'gulu lophunziriralo, ngati mulimo, yambani ndinu kufunsa chinthu chimene chinkakuvutani muli m'kalasi, ndipo mukaona yankho lolakwika musathamangire kudzudzula. Dikirani kaye, mwina mnzake alikonza, ngati mmene zinachitikira ndi nachesi uja. Zimene munthu waulula m'gulu zisakapezeke mu lipoti.

Muikenso nthawi yotsekera. Foni ya mayi ikamalira usiku pakati, kunyumba kumabuka mafunso, ndipo mawa lake timangoona kuti atuluka m'gulu. Ena foniyo amagawana ndi amuna awo kapena ana. Ikakwana 8 koloko madzulo, zonse zidikire m'mawa.

Za alawansi ndikudziwa kuti zili kukhosi kwanu. Tinazolowera kuti maphunziro ndi aja a ku holo, a botolo la madzi ndi envulopu. M'gulu la pa foni mulibe envulopu, ndipo sindikunamizani kuti idzabwera. Phindu lake ndi lakuti Lamlungu madzulo simukhala nokha ndi lesoni pulani imene yakukanikani. Komabe mlembi azisunga kaundula wa mitu imene mwakambirana ndi amene anatengapo mbali. Unduna unatulutsa ndondomeko ya CPD, yoti aphunzitsi azipitiriza kuphunzira ali pa ntchito, mu 2018, a Teachers Council of Malawi nawonso akulembetsa aphunzitsi, choncho umboni wolembedwa woti mumadziphunzitsa simungautaye.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano tibwere ku zimene timagawanazo. M'magulu ambiri mumayenda mabuku ojambulidwa tsamba ndi tsamba, ndi timapamfuleti ta anthu ena tochotsedwa dzina. Poti mwalandira ulere sindiye kuti mwiniwake analola. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza eni zolemba la 2016, ndipo bungwe la COSOMA silinakhazikitsidwire oyimba okha, limayang'aniranso za olemba mabuku. Wolemba pamfuleti uja nthawi zambiri ndi mphunzitsi mnzanu amene anagona mochedwa.

Koma pali zolemba zina zimene eni ake ananeneratu kuti: tengani, koperani, sinthani, masulirani, gawani. Zimenezi ndiye zipangizo zotseguka, zimene pa Chingelezi amazifupikitsa kuti OER, dzina limene linakhazikitsidwa pa msonkhano wa UNESCO ku Paris mu 2002. Mu Novembala 2019 mayiko a m'bungweli anagwirizana zozilimbikitsa. Mumazizindikira ndi chilolezo cha Creative Commons, malembo awiri a CC pansi pa tsamba. Pakalembedwa BY, ndiye kuti chitani nazo zimene mukufuna bola mutchule mwini. Pakawonjezeredwa NC, musagulitse. SA akutanthauza kuti chimene mwapangacho muchiperekenso pa chilolezo chomwecho. Chenjerani ndi ND, chifukwa ameneyo salola kugawa zosinthidwa, ndipo kumasulira m'Chichewa ndi kusintha kumene.

Zoyambira zilipo. TESSA, imene inayamba mu 2005 motsogozedwa ndi Open University, ili ndi maphunziro a aphunzitsi a pulayimale olembedwa ndi akatswiri a mu Africa muno, pa kuwerenga, masamu, sayansi ndi zina. African Storybook, ya bungwe la Saide ku South Africa, ili ndi nthano za ana za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe, ndipo imakulolani kumasulira nthano kapena kulemba yanu. Ngakhale kuno kwathu zinachitikapo: aphunzitsi a ku Bunda College anasonkhanitsa zolemba zotseguka n'kupanga buku lawolawo la luso la kulemba ndi kulankhula, mothandizana ndi OER Africa, poona kuti mabuku ogula sankakwanira ophunzira.

Koma mvetsani apa. TESSA inalembedwa m'Chingelezi, Chifalansa, Chiswahili ndi Chiarabu. Mwana wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache amaganiza m'Chichewa, ndipo ngakhale buku lili m'Chingelezi, inu mukudziwa chilankhulo chimene mumafotokozera zinthu zikavuta. Palibe munthu ku London kapena ku Johannesburg amene adzakhale pansi kulemba mmene mungafotokozere kukokoloka kwa nthaka pogwiritsa ntchito zigwembe za m'mapiri a Mwanza, kapena masamu a kusintha makwacha kukhala meticais monga amachitira anyamata a pa chipata. Mukapanda kulemba inu, sizidzalembedwa. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti gulu limene limangotsitsa za ena lachita theka la ntchito. Teremu iliyonse lizitulutsa kanthu kakekake, ngakhale masamba awiri okha: phunziro la mapepala opinda lija, litalembedwa bwino, litayesedwa m'makalasi atatu kapena anayi.

Pansi pa tsambalo mulembepo mawu ochepa awa: "Zakonzedwa ndi aphunzitsi a Sitandade 4 a zoni yakutiyakuti, chaka chakutichakuti. Mukhoza kukopera, kusintha ndi kugawa, bola mutchule kumene mwazitenga." Mukatero, mnzanu wa ku Neno kapena ku Chikwawa sachita mantha kuzigwiritsa ntchito, ndipo wina sangazitenge n'kumati ndi zake. Ngati munatengako mbali ina ku TESSA kapena kwina, tchulani, ndipo muone chimene chilolezo chawo chikufuna.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kulowa m'gulu ngakhale pang'ono. Choyamba ndi mapepala a mayeso obedwa. Tonse tikukumbukira Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anali atafalikira pa mafoni, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021, atataya kale miyezi yambiri sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Wina akangoponya zoterezo, adimini afufute pompo ndipo adziwitse akuluakulu. Mapepala akale a MANEB ndi a moko amene analembedwa kale, imeneyo ndi nkhani ina. Chachiwiri ndi nkhope ndi mayina a ana. Mukafuna kuonetsa cholakwa chimene ana amachita, jambulani kope lokha, mutaphimba dzina ndi chala. Kujambula mwana amene akulephera kuwerenga kuti anzanu aseke si kuphunzitsana, ndipo vidiyo ikatuluka m'gulu simungaibweze.

Chotsala ndi kosungira. WhatsApp siidalirika pa nkhani imeneyi. Foni ikabedwa, ikagwera m'madzi, kapena mwini wake akasamutsidwira ku boma lina, ntchito ya chaka chonse imapita naye. Wolowa m'gulu lero saona zimene munakambirana chaka chatha. Choncho teremu ikamatha, mlembi asonkhanitse mauthenga a Lachisanu aja ndi masamba amene mwatulutsa, aziike pa memori kadi ziwiri, ina ikhale ku TDC, ina kwa adimini. Asindikizenso kope limodzi pa pepala, lilowe mu fayilo ya pa shelefu, mutu uliwonse ndi kalasi yake ndi teremu yake. Mphunzitsi watsopano akabwera kuchokera ku Blantyre TTC kapena kwina, tsiku limene akukaonekera kwa a PEA apatsidwe fayiloyo awerenge, memori kadi akopere, ndipo nambala yake ilowe m'gulu la kalasi imene akukaphunzitsa asanakwere njinga ya kabaza yopita kusukulu kwake.

Nthawi yathu yathera pamenepa. 

(NYIMBO YOTSEKERA)